Linalidi tsiku lake? Za Mulungu, malamulo a chilengedwe ndi kusankha kwa munthu

Funso lafika motere, ndangolidula pang'ono: "Mng'ono wanga anamwalira pa ngozi ya minibasi chaka chatha. Omwe anapulumuka akuti dalaivala amathamanga kwambiri komanso matayala anali akutha. Pamaliro aliyense amangoti linali tsiku lake, Mulungu analemba kale. Ine ndinaphunzirako fizikisi, ndimadziwa kuti chilichonse chimatsata malamulo a chilengedwe, olo ubongo wathu womwewu. Nde ngati Mulungu anadziwa kale, malamulowo sasinthanso, dalaivala uja akanatha kuchita mwina? Munthu amasankhadi kanthu kapena tikungoseweredwa?"

Pepani achimwene, pepani zedi. Funso lanuli lachokera kumanda, nde ndiliyankha mosathamanga. Ine ndinaphunzitsapo sayansi ku sekondale ndisanapite kukaphunzira zaubusa, ndipo mawu oti linali tsiku lake ndawamva kambirimbiri pasiwa, ineyo ndawayankhulapo. Mayi akugubuduzika pansi chitenje chitamasuka simungayambe kuwafotokozera za matayala. Mawu amenewa ali ngati bulangete lofunditsa ofedwa usiku wa pasiwa. Vuto limabwera tikatenga bulangete lomwelo kukafunditsa mwini minibasi amene ankadziwa bwinobwino kuti matayala afika poonekera mawaya koma ankangoti ipange kaye tiripi imodzi. Apo ndimakana. Inde dalaivala akanatha kuchita mwina, ndipo malamulo a chilengedwe kapena kudziwiratu kwa Mulungu sizimuchotsera mlandu. Koma tiyeni timasule pang'onopang'ono chifukwa mwamanga mitolo ingapo ndi luzi limodzi.

Mawu oti lamulo amatisokoneza. Lamulo la boma limati usapyole sipidi yakuti, ukapyola akakugwira ulipira, ndiye kuti limalamula ndipo limathyoledwa. La chilengedwe silotero, palibe amalithyola, ndi kufotokoza chabe mmene zinthu zimachitikira nthawi zonse mosaphonya. Isaac Newton atatulutsa malamulo ake a kayendedwe ka zinthu mu 1687 sikuti anauza mango kuti azigwa, anangopeza masamu a kagwedwe kake, masamu omwewo nkufotokozanso chifukwa chomwe mwezi umazungulira dziko. Nde taonani kapangidwe ka lamulo lotere, nthawi zonse limati ukatere zikhala zotere. Inu a fizikisi mukukumbuka, sipidi ikawirikiza kawiri mtunda woti galimoto iime mutaponda mabuleki umawirikiza kanayi. Minibasi ya pa 100 imafuna msewu wotalika kanayi kuposa ya pa 50, tayala likakhalanso lakutha msewu uli wonyowa nde zimaipiratu. Lamulo limenelo linagwira ntchito tsiku lija mosakondera. Koma mulibemo mzere woti phazi la dalaivala likhale pa 100. Limangoti ukaika 100 zotsatira ndi izi, ukaika 50 ndi izi.

Ganizirani bawo pansi pa mtengo pamsika. Maenje 32, nkhomo 64, malamulo okhwima, sungatakate mmene ukufunira, pamene yagwera nkhomo yomaliza ndi pomwepo ndipo oonerera sangakulole kubera. Koma malamulowo ndi amene amasewera? Madala awiri amakhala pamenepo tsiku lonse masewera osafanana olo amodzi. Mukachotsa malamulowo wosewera samasuka ayi, bawo imangothera pomwepo, kwatsala nkumwaza nkhomo ngati mwana. Kusankha kuli ndi tanthauzo chifukwa dziko ndi lodalirika, ndikaponda buleki ndikudziwa chichitike nchani, ndikadzala chimanga sipamera fodya. Likanakhala dziko loti lero moto ukuotcha mawa ukuziziritsa palibe akanatha kukonza kanthu, kulonjeza kanthu, olo kulakwa kumene.

Ndikudziwa muyankha kuti abusa, wosewerayo nayenso ndi nkhomo, ubongo wake ndi ma atomu otsata malamulo omwewo. Apa nde pagona nkhani ndipo si inu oyamba kuiona. Pierre-Simon Laplace wa ku France analemba mu 1814 kuti patakhala nzeru yodziwa pomwe pali kachinthu kalikonse m'chilengedwe ndi mphamvu zonse zokakankha, nzeru imeneyo ingawerengere zakutsogolo ndi zakale zonse ngati zili pamaso pake. Zikakhala choncho ndiye kuti ngozi ija inali kale m'masamu dziko lisanakhale ndi msewu. Ambiri amaima pa Laplace ngati sayansi inathera pomwepo, chonsecho cha m'ma 1920 fizikisi ya tinthu ting'onoting'ono inagwedeza chithunzi chimenechi. Werner Heisenberg anaonetsa mu 1927 kuti sungadziwe ndendende nthawi imodzi pomwe kanthu kali ndi mmene kakuthamangira. Tengani carbon-14, mtundu wina wa kaboni womwe ma atomu ake amasweka okha, tikudziwa kuti pakatha zaka pafupifupi 5,730 theka la ma atomu ake limakhala litasweka, koma ndi atomu iti isweke mawa masamu sanena, amangopereka mwayi wake. Albert Einstein sizinamusangalatse, mu 1926 analembera mnzake Max Born kuti iye sakhulupirira zoti Mulungu amaponya madayisi, ndipo mpaka pano akatswiri sanagwirizane kuti kuseri kwa mwayiwo kuli chani.

Koma chonde musatengeke ndi alaliki othamangira kunena kuti sayansi yatsimikiza ufulu wosankha. Mwayi si ufulu. Ngati dzanja langa likusuntha chifukwa ka atomu kena kaponya dayisi m'mutu mwanga sindine mfulu, ndangokhala kapolo wa juga. Chomwe tinganene moona ndi chochepa, chakuti amene akuti sayansi inatseka nkhani, zonse zinakhomedwa kale, akunena zoposa zomwe sayansi yapeza.

Mwina munamvaponso za Benjamin Libet. Mu 1983 anamangirira mawaya pamutu pa anthu nkuwauza kuti azigwedeza dzanja nthawi iliyonse afuna, akuyang'ana kadontho kozungulira ngati wotchi. Anapeza kuti ubongo umayamba kuonetsa chizindikiro pafupifupi theka la sekondi dzanja lisanagwedezeke, pomwe munthuyo amazindikira kuti ndafuna kutangotsala ngati gawo limodzi mwa magawo asanu a sekondi. Ena nkumati mwaona, ubongo umasankha iwe usanadziwe. Mu 2012 Aaron Schurger ndi anzake anaonetsa kuti chizindikirocho chitha kukhala kukwera ndi kutsika wamba kwa mphamvu za mu ubongo, osati chiganizo chomangidwa kale. Komanso taganizani, kugwedeza dzanja popanda chifukwa mu labu nkofanana ndi kukhala masabata atatu ukuyang'ana tayala lakutha, ndalama ili m'thumba, makaniko atakuuza, iwe nkumati lidikire?

Anthu oganiza mozama anagawikana pawiri. Ena monga David Hume wa ku Scotland amati ufulu ndi kuchita zomwe iwe mwini ukufuna popanda wokukakamiza, olo zofunazo zili ndi kochokera. Ena amati sizikwanira, ufulu weniweni ndi woti pa mphindi yomweyo, zonse zili chimodzimodzi, ukanathadi kulowera kwina. Ine ndimapendekera kwa achiwiriwa, koma pa mlandu wa dalaivala magulu onsewa amakumana, ndipo umboni wake mumauona tsiku ndi tsiku pa M1. Minibasi ikuuluka, ina yochokera kutsogolo yaphethira malaiti kuti apolisi ali patsogolo apo, nthawi yomweyo phazi lachoka pa moto, kondakitala akukankhira mutu mkati nkutseka chitseko, wina akuuzidwa kuti awerame. Munthu ameneyu amamva chenjezo, amayeza, amasintha. Mwala wogubuduzika m'phiri suchepetsa liwiro chifukwa wamva kuti kutsogolo kuli apolisi. Amene amatha kuchepetsa sipidi poopa faindi amathanso kuchepetsa poopa kupha anthu amene wanyamula. Nchifukwa chake mwala sitiutengera kukhoti koma dalaivala timamutengera.

Tsopano Mulungu ali pati pa zonsezi? M'zaka za m'ma 1700 ku Ulaya kunatchuka chithunzi cha Mulungu wokonza wotchi, anaipanga, anaiwaindira, nkuchokapo. Mulungu wotere simungamuimbe mlandu komanso simungamupemphe kanthu, ali ngati bambo wongosiya dzina. Mbali inayo kuli Al-Ghazali, sheikh wamkulu amene anaphunzitsa ku Baghdad nkumwalira mu 1111. Iye anapereka chitsanzo cha thonje ndi moto, akuti tikaona thonje likupsa timangoona zinthu ziwiri zikutsatana, wopsereza weniweni ndi Mulungu, moto paokha ulibe mphamvu. Ndimalemekeza mtima wake, amafuna kuti pasakhale china chopikisana ndi Mulungu. Koma Ibn Rushd wa ku Cordoba, Msilamu mnzake amene anamwalira mu 1198, anamuyankha kuti ukakana zoti zinthu zili ndi zoyambitsa wakananso nzeru yomwe, palibe chimene ungadziwe.

Ine ndimaima pomwe anaima Thomas Aquinas, amene anamwalira mu 1274. Iye anati Mulungu ndi gwero loyamba, amene amapangitsa kuti zinthu zikhalepo nkomwe ndipo zipitirire kukhalapo, koma anapatsa zolengedwa mphamvu zenizeni zochitira zinthu, moto umaotchadi, mankhwala amachizadi, munthu amasankhadi. Zikumveka zakuya koma mumazichita tsiku lililonse pa mkeka. Nsima yafika, mwasamba m'manja, wina akupemphera kuthokoza Mulungu chifukwa cha chakudya, chonsecho aliyense akudziwa amene analima, amene anagula feteleza, amene anasenza thumba kupita kuchigayo, amene anatsokomola ndi utsi kukhitchini. Palibe amati Mulungu wapanga theka amayi theka. Zonse nza Mulungu mwa njira ina, zonse nza amayi ndi mvula ndi nthaka mwa njira inanso. Kulakwitsa kwathu nkomuika Mulungu pa mzere umodzi ndi tayala ndi dalaivala ngati akulimbirana chiwongolero, ndiye timaganiza kuti iye akagwira dalaivala wasiya, dalaivala akagwira iye wasiya.

Baibulo limaona kusasintha kwa chilengedwe ngati kukhulupirika kwa Mulungu. Pa Genesis 8:22 chigumula chitatha lonjezo ndi loti kudzala ndi kukolola, kuzizira ndi kutentha, usana ndi usiku sizidzaleka, pa Yeremiya 33:25 Mulungu akukamba za pangano lake ndi usana ndi usiku. Georges Lemaître, amene mu 1927 anaonetsa ndi masamu kuti thambo likufutukuka, ndipo kenako nkubweretsa ganizo loti chilengedwe chonse chinayamba chili chothinana pamodzi nkufutukuka, lomwe pano timati Big Bang, anali wansembe wa Katolika wa ku Belgium, sanaone kuti masamuwo akumulanda Mulungu.

Nde funso lowawa, lomwe ndikukhulupirira ndi limene limakusowetsani tulo, bwanji sanangoimitsa lamulolo kwa masekondi atatu okha? Ine ndimakhulupirira kuti Mulungu amatha kuchita zozizwitsa. Koma taonani dziko lomwe likanakhalapo akanamatero nthawi zonse. Kugwirana kwa tayala ndi msewu komwe kunachepa tsiku lija ndi komweko kumaimitsa ambulansi pakhomo pa chipatala. Moto wophika phala ndi womwewo umaotcha mwana wokwawa. Mulungu akanamakonza chilichonse tikalakwitsa, sipidi siikanapha, chikwanje chikanasanduka mphira pa khosi la munthu, ndipo kusamala kwa dalaivala wabwino amene amadzuka 4 koloko kuona mabuleki kukanakhala sewero chabe. Makolo athu Achewa anali nazo izi mu nthano ya ku Kaphirintiwa ku Dzalanyama, Chauta, anthu ndi nyama akukhala pamodzi mpaka munthu anapekesa moto, tchire nkuyaka, nyama nkuthawa, Chauta nkukwera kumwamba pa ulusi wa kangaude. Munthu anasankha, moto unachita zomwe moto umachita, ndipo zotsatira zake sizinafufutidwe. Yesu mwini pa Mateyu 4 atauzidwa kuti adziponye pansi kuchoka pamwamba pa kachisi poti angelo amuwakha, anakana, anati kumeneko nkumuyesa Mulungu. Kukweza anthu pa matayala ooneka mawaya utamata sitika ya vesi pagalasi ndi kudumpha komweko, kungoti ukudumpha utanyamula ana a eni. Sindikunama kuti izi zipukuta misozi. Chifukwa chomwe wina anatuluka ndi zilonda chabe pomwe mng'ono wanu anatsala, pamenepo ine ndimangokhala chete limodzi ndi ofedwa.

Chimodzi chokha ndikane mwamphamvu, zoti ofa pa ngozi ndi olangidwa. Pa Luka 13:4 Yesu akukamba za anthu 18 omwe nsanja ya ku Siloamu inawagwera ndipo akunena poyera kuti sanali ochimwa kuposa ena. Pa 1 November 1755 chivomerezi chinagwetsa mzinda wa Lisbon m'mawa wa tsiku la Oyera Onse anthu ambiri ali m'matchalitchi, Ulaya yense anagwedezeka ndi funso lanu lomweli. Mlembi Jean-Jacques Rousseau poyankha Voltaire, mlembi wina amene anadandaula za chivomerezicho, chaka chotsatira anakumbutsa kuti si chilengedwe chomwe chinaunjika nyumba zosanjikizana malo amodzi. Ifenso tinaziona ndi Freddy mu March 2023, namondwe amene anayambira kufupi ndi Australia nkukhala masiku 36 akuyenda, matope ndi miyala nkutsika ku Soche kukwirira nyumba ku Chilobwe. Akuluakulu amati Napolo wadutsa. Mvulayo palibe anaisankha. Koma mitengo yomwe inatha m'phiri, kusowa kwa malo komwe kumakankhira osauka kukamanga motsetsereka, zimenezo zili ndi manja a anthu ambiri pa zaka zambiri, ndipo kawirikawiri olipira si amene anasankha. Azanyengo anatha kuchenjeza masiku angapo namondweyo asanafike chifukwa chomwecho choti mphepo ndi nyanja zimatsata malamulo.

Za kudziwiratu. Kudziwa si kukakamiza. Augustine wa ku Hippo, komwe pano ndi Algeria, anati monga kukumbukira kwako sikukakamiza zadzulo kuti zichitike, kudziwiratu kwa Mulungu sikukakamizanso zamawa. Boethius ali m'ndende cha m'ma 524 akudikira kuphedwa anapita patsogolo, anati Mulungu sali mkati mwa nthawi ngati ife, kwa iye kulibe dzulo ndi mawa, zonse amaziona pamodzi. Zili ngati munthu ali pamwamba pa phiri la Zomba akuona msewu wonse pomwe woyenda pansi akungoona khona ili patsogolo pake. Kuona kwa wapamwambayo sikuyendetsa miyendo ya wapansi. Nde mawu oti anadziwa kale ali ndi kamsampha, timaganiza kaundula wolembedwa kalekale amene dalaivala amangotsatira, pomwe mwina zoona nzoti Mulungu akuona dalaivalayo akusankha.

Ndisakubisireni, akhristu sanagwirizane apa. John Calvin anati Mulungu sangodziwa chabe, amakonzeratu. Jacobus Arminius anatsutsa zina mwa izo, mkangano nkufika pa msonkhano wa ku Dort ku Netherlands mu 1618 mpaka 1619, ndipo si nkhani yakutali, a Nkhoma Sinodi anatengera ziphunzitso za ku Dort kudzera kwa amishoni a Dutch Reformed omwe anafika ku Mvera mu 1889, pomwe a Methodist amatsata John Wesley amene anali mbali ya Arminius. Koma olo chivomerezo cha chikhulupiriro cha ku Westminster cha 1646, chomwe ndi cha mbali ya Calvin, chimanena kuti Mulungu si woyambitsa tchimo, chifuniro cha zolengedwa sichikakamizidwa, ndipo zoyambitsa zachiwiri, mphamvu zija zomwe Mulungu anapatsa zolengedwa, sizichotsedwa koma zimakhazikitsidwa. Ndiye kuti olo mupite ku mbali yokhwimitsitsa simupezako chikalata chomasula mwini minibasi. Yosefe pa Genesis 50:20 anauza abale ake kuti iwo anamupangira choipa koma Mulungu anachitembenuzira ku ubwino, sanawauze kuti simunalakwe.

Nkhani yomwe imandithandiza kwambiri ili pa Machitidwe 27. Paulo ali m'chombo cha anthu 276, namondwe wawazunza masabata awiri, iye wauzidwa kale kuti palibe amene afe. Usiku oyendetsa chombo akutsitsa kabwato mwakabisira kuti athawe. Munthu wa zinalembedwa akanati asiyeni, olo apite tipulumukabe. Paulo akuuza asilikali kuti awa akapanda kukhala m'chombo inu simupulumuka, asilikali nkudula zingwe za kabwatoko, kenako Paulo akuwauza onse kuti adye apeze mphamvu. Lonjezo linalipo, koma linadzera m'manja mwa amalinyero ndi m'mimba zokhuta. Abale athu achisilamu, omwe amakhulupirira kwambiri qadar, kuti zonse Mulungu anakonzeratu, ali ndi hadith, nkhani ya zonena za Mtumiki, ya munthu amene anafunsa Mtumiki Muhammad ngati amange ngamira yake kapena angoisiya nkudalira Mulungu, yankho linali loti imange kenako udalire.

Nde achimwene, amayi akamati linali tsiku lake musawatsutse, akunena kuti mwana wawo sanagwere kunja kwa manja a Mulungu, ndipo pamenepo ine ndikugwirizana nawo. Khalani nawo pafupi, lirani nawo. Koma mawu omwewo akatuluka pakamwa pa mwini galimoto kapena womutumikira atabwera ndi thumba la ufa kudzapepesa kuti nkhani ithere pomwepo, landirani chipepesocho ngati banja lafuna, koma muwauze mwaulemu kuti za matayala zikambidwabe. Pitani kupolisi mukatenge lipoti la ngozi, funsani ngati galimotoyo inali ndi inshuwalansi poti lamulo limafuna galimoto iliyonse ya pamsewu ikhale nayo, ndipo omwe anapulumuka aja muwapemphe alembetse zomwe anaona zisanayambe kuiwalika. Ngati mng'ono wanu anasiya ana, ndalama ya chipukuta misozi ndi yawo, musachite manyazi kuitsatira.